Khutu la Gologolo wa Abambo

Abambo anga anadwala sitiroko chaka chimene ine ndinasiya ntchito kuchipatala, ndipo pa ana awo anayi mtolo unagwera ine. Achimwene anga awiri ali ku Lilongwe, amadwazika matenda pafoni. Mng'ono wanga anakwatiwa ku Salima, mwamuna wake salola kuti azichokachoka. Ine ndinali pakhomo, banja linatha kalekale, ndipo ndinkadziwa kutsuka mabala ndi kutembenuza odwala, ndiye panalibenso zokambirana. Achimwene aakulu anangoti mutu ukakula sulewa nkhonya, ngati kuti mutu waukuluwo unali wanga osati wawo.

Kunena zoona, abambo sanayenere kukhala pakhomo pamenepo n'komwe. Mudzi wathu, cha kumunsi kwa Mtakataka, ndi wa amayi anga. Abambo anali mkamwini wochokera kumapiri. Amayi atamwalira tinayembekezera kuti abale awo abwera, tiwasudzule, azipita kwawo monga mmene zimakhalira. Abalewo anabwera pamaliro, anadya, n'kubwerera osatchula kanthu. Tinatuma uthenga kawiri. Yankho linali lakuti kumeneko malo anatha. Ankamudziwa bwino m'bale wawo.

Sitiroko inawatenga mbali ya kumanzere. Mwendo unkakwakwaza pansi, mkono unkangolendewera, diso limodzi linachita chifunga, ndipo pakamwa panapotoka moti mawu ankatuluka amodziamodzi, onyowa ndi malovu. Koma dzanja lamanja linatsala lonse, lamphamvu ngati kale. Dzanja limenelo ndinkalidziwa kuposa wina aliyense pakhomopo.

Ndili Sitandade 5 ndinagwetsa botolo la parafini pochokera kugolosale. Abambo anandimenya khofi limodzi lokha, pakhutu lakumanzere. Ndinamva ngati wina waphulitsa chubu cha njinga m'mutu mwanga. Kunatuluka magazi, ndipo patapita masiku kunayamba mafinya onunkha moti anzanga m'kalasi ankasuntha ndikakhala pansi. Amayi anafuna kupita nane kuchipatala ku Mua, mtunda woti munthu amayenda wapansi n'kubwerako tsiku lomwelo. Abambo anakana. Anati, "Khutu si mwendo. Lipola lokha." Ankaopa kukafunsidwa chimene chinachitika. Linapoladi lokha, n'kutsekeratu. Kuyambira pamenepo ndimamva mbali imodzi, ndimapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, ndipo dzina lakuti gonthi ndinakula nalo mpaka ndinayamba kuyankha. Ndinkafuna unamwino, ndinathera pa kukolopa mu wodi ndi kugwirira anamwino beseni. Sindikunena kuti zonse ndi khutu ayi, mutu wanganso sunali wakuthwa kwenikweni. Koma abambo sananenepo ngakhale tsiku limodzi kuti pepa.

Ndiye mudziwe kuti munthu amene ndinkamusambitsa m'mawa uliwonse, kumusintha zovala zonyowa ndi kumunyamula m'khwapa mpaka pampando wa pansi pa mtengo wa bwemba, ndinkadana naye. Ndinkawasamala bwino, palibe angandinene. Chilonda cha pamsana sanatulukepo ngakhale chimodzi, zikhadabo ndinkawenga, ndevu ndinkameta Loweruka lililonse. Koma ndinkawasamala monga mmene ndinkakolopera mu wodi, ndi manja okha.

Vuto linali kudya. Abambo anangoganiza zosiya. Ndikabwera ndi phala ankaluma mano n'kuyang'ana kumbali. Ndinayesa la mpunga wa ku Bwanje, la mgaiwa lothira nsinjiro, msuzi wa usipa, nthochi yokanyakanya. Masupuni awiri, lachitatu kulavula. Adokotala atawaona anandiuza mosapsatira kuti sitiroko yaima pomwe yafika, koma akapitiriza chonchi njala ndiyo iwatenge. Ine sindinkafuna kuti afe ndi njala m'manja mwanga, anthu adzati gonthi uja anamana bambo ake chakudya. Ndinkawakalipira, nthawi zina kuwatsina mphuno kuti atsegule pakamwa. Ankangondiyang'ana ndi diso lawo labwino lija osaphethira.

Amene anawadyetsa ndi gologolo.

Mu bwemba muja agologolo ankakhalamo kuyambira kale. Abambo ali ndi mphamvu anali mdani wawo wamkulu, chifukwa tinyama timeneti timafukula mtedza wobzala kumene, phando ndi phando, ngati tinalipo pobzala. Ankawatchera madiwa m'munda, kuwalasa ndi legeni, kuwawamba pamoto n'kukadyera kumowa. Ankadzitama kuti amamva chinenero chawo, kuti kulira kwina n'koitana anzawo, kwina n'kwa ndewu, kwina n'kochenjezana kuti pafupi pali njoka. Ndiye zinandiseketsa tsiku lina nditapeza mmodzi ali pa phazi lawo lakufa lija, akutola nyenyeswa za mtedza zimene zinagwa pamene ndinkasinja. Abambo anali duu, kupuma komwe ataleka.

Mawa lake anandikodola n'kuloza thumba la mtedza. Ndinawapatsa pang'ono m'dzanja kuti asandisokose. Anayamba kuponya umodziumodzi akuliza lilime, nco, nco, nco. Pasanathe masabata awiri gologolo uja ankakwera pabondo, kenako anayamba kudyera m'dzanja momwemo. Anali wamphongo, wamkulu kuposa anzake, wamwano, woti nkhuku ikayandikira amaithamangitsa. Ndipo ndinaona chinthu china. Gologolo akamatafuna, pakamwa pa abambo pankayendanso pokha. Ndinabwera ndi phala nthawi imeneyo, ndinaika supuni pamlomo, anameza osadziwa kuti ameza. Ndinaikanso. Mbale yonse inatha.

Kuyambira tsiku limenelo dongosolo linali limenelo: gologolo atsike, adye, abambo adye. Gologolo akachedwa, phala linkazizira m'manja mwanga tonse tikuyang'ana m'mwamba ngati anthu odikira mango. Mwezi wa Okutobala abambo anabwerera thupi, masaya anadzadza, anayamba kulumikiza mawu awiri atatu. Onse anali a gologolo. "Wabwera." "Wakhuta lero." "Mbava iyi."

Ndisabise, zinkandiwawa. Ine ndinkadzuka m'mamawa kuchapa zofunda zawo za mikodzo, madzi ake ochita kusenza kuchokera kumjigo wa kutsidya kwa njanji, koma kumwetulira kokhota kuja kunali kwa kanyama kakuba mtedza. Ankakasisita pamutu ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kumbuyo kwa makutu, mpaka kankatsinzina. Sindinkadziwa kuti dzanja limenelo limatha kutero.

Lachiwiri lina gologolo anatsika khutu lakumanja litang'ambika. Linagawika pakati, chidutswa china chikulendewera, magazi atauma mpaka m'khosi. Anadya monga mwa masiku onse, koma ankaimaima n'kumadzikanda ndi mwendo wakumbuyo. Pofika tsiku lachitatu khutu linatupa ndipo ntchentche zinayamba kumutsatira. Abambo ankazipitikitsa ndi chala, nkhope ili yakugwa.

Atangokwera mumtengo gologoloyo, anandiitana. "Iwe. Iwe! Khutu."

"Ndaona, abambo."

"Mankhwala."

Ankadziwa kuti m'nyumba ndinali ndi kachitini kamene ndinkasungiramo thonje, sizasi, sipiliti ndi jivi, mankhwala a zilonda aja amene amasiya khungu lili la mtundu wa pepo. Anthu a m'mudzi akadzitema ndi khasu ankabwera kwa ine asanaganize za kuchipatala.

Ndinaika mbale pansi. Zaka zoposa makumi atatu ndinali nditasunga mawu aja, osadziwa kuti ndikusungira tsiku limeneli. Ndinawerama mpaka nkhope yanga inayandikira yawo, ndinati, "Abambo, khutu si mwendo. Lipola lokha."

Anamva. Sitiroko sinawatenge nzeru. Anayang'ana pansi, ndipo ine ndinamva kukoma mumtima ngati ndamwa madzi a mumtsuko dzuwa lili paliwombo. Mlandu suola. Ndinaimabe pomwepo, ndikuganiza kuti mwina lero anena kanthu za ine. Anatsegula pakamwa movutikira, nati, "Akumva... kuwawa."

Ankanena gologolo. Tsiku limenelo mthunzi wa bwemba utasuntha ndinachedwa dala kuwasuntha, anakhala padzuwa mpaka thukuta linanyowetsa malaya.

Tsiku la msika ndinapita ku Golomoti kukagula sopo ndi mchere, ndipo ndinakumana ndi alangizi a ziweto, bambo wachikulire amene ankatibayira mbuzi jakisoni. Titapatsana moni ndinawafunsa za gologolo, mongoseka, kuti asandione ngati ndapenga.

Anati, "Gologolo wa kutchire, amayi? Musiyeni. Amphongo amalumana makutu polimbirana mphako ndi akazi. Pitani pa mlambe uliwonse, mupeza ena makutu ali ngati masamba odyedwa ndi mbozi, koma ali gwa. Akudya?"

"Akudya."

"Akuthamanga bwinobwino? Mutu sunapendekere mbali imodzi?"

"Ayi, ali bwino, koma kwatupa."

"Kuphwa kumeneko. Masiku khumi sakwana. Mukamugwira, choyamba akulumani mpaka fupa, paja chifundo chinapha nkhwali. Chachiwiri, tinyama timeneti mtima wake ndi waung'ono, tina timafera m'manja ndi mantha okha. Akapulumuka, pamalo pamene mwamugwirirapo sadzapondaponso, ndipo munthu amene wamugwira sadzamuiwala. Ngati mukufuna kumuthandiza, muikireni madzi m'chigoba pansi pa mtengo, basi."

Ndinafunsanso kuti ndimve bwino, ndi khutu langa limodzi lija. "Mukuti sadzabweranso?"

"Olo mumukhuthulire thumba lonse la mtedza, amayi."

Ndinathokoza n'kukwera kabaza. Ndikanatha kufika kunyumba n'kuwauza abambo kuti alangizi akuti timusiye, apola. Anali mawu osavuta, ndiponso oona, ndipo akanawakhulupirira chifukwa alangiziwo ankawalemekeza. Koma tisanafike theka la ulendo ndinali nditaganiza zina. Ndikulemba izi kuti pasadzapezeke wina wonditeteza kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa, ndinachita kufunsa kawiri.

Nditafika ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, ndinati, "Abambo, ndaganiza bwino. Timuthira mankhwala mnzanuyo."

Misozi inatuluka m'diso labwino lija. Anatambasula dzanja n'kugwira langa, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa. Ndinalisolola n'kupita kukafuna neti.

Kwathu kuno neti ya udzudzu ikatha ntchito pabedi siitayidwa. Ena amaphera usipa, ena amatchingira mbewu kudimba, ena amatsekera anapiye. Ine ndinatenga yakale, ndinasoka pamene panabooka, ndinamangirira timiyala m'mphepete kuti izigwa msanga. Kenako ndinaipinda n'kuipachika pa nthambi ya bwemba, pamwamba penipeni pa mpando wa abambo, chingwe chake ndinachikokera mpaka pakhonde. Tsiku loyamba gologolo anaiyang'ana mokayika, sanatsike mpaka masana. Tsiku lachiwiri anaizolowera, anaiyenda pamwamba n'kuinunkhiza.

Tsiku lachiwiri lomwelo ndinaona kuti kutupa kwaphwa. Bala linauma m'mphepete, nkhanambo inayamba, ntchentche zinamusiya. Ndakhala ndi mabala zaka zambiri, bala lopola ndimalidziwa ndili patali. Abambo ndi diso lawo limodzi sanaone zimenezo, ankangoona chidutswa cholendewera chija. Sindinawauze.

M'malo mwake ndinawalangiza ntchito yawo. "Neti ikagwa, womugwira ndinu. Ine manja anga akhala ndi mankhwala. Mumugwire zolimba, musamutaye, mwamva?"

Anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Ndikanatha kumugwira ndekha ndi chitenje chokhuthala, monga timagwirira mphaka wolusa. Sindinafune. Ndinkafuna kuti likhale dzanja lawo.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawasambitsa, ndinawakhazika, ndinawaikira mtedza m'dzanja n'kukakhala pakhonde chingwe chili m'manja. Analiza lilime. Gologolo anatsika chadodolido monga amachitira, anaima patsinde, anagwedeza mchira, analumphira pabondo. Ananyamula mtedza umodzi ndi timanja take n'kuyamba kuutembenuza. Abambo anandiyang'ana. Ndinataya chingwe.

Neti inawaphimba onse awiri. Gologolo analumpha, anagunda neti, anabwerera, anathamanga pachifuwa pawo mpaka kumaso, zikhadabo zikusiya mizere pa tsaya. Ine ndikuthamanga ndikukuwa kuti, "Gwirani! Gwirani, abambo!" Dzanja lija linapapasa, linamupeza pamsana, linafumbata. Sindinkadziwa kuti gologolo amalira choncho. Analira ngati khanda, mokuwa moti agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. Anapotoza khosi n'kuluma abambo patsinde pa chala chachikulu, mano onse kulowa. Magazi anayenderera mpaka pa chigongono. Abambo sanamutaye.

"Msanga," anatero. "Msanga."

Sindinafulumire. Ndinavala magolovesi chala chimodzichimodzi. Ndinakweza neti pang'ono n'kulowetsa manja. Ndinanyika thonje m'madzi a mchere, ndinapukuta mpaka nkhanambo yonse inachoka ndipo bala linayambanso kutuluka magazi. Ndinatenga sizasi, ndinadula chidutswa cholendewera chija, ndinadulanso pang'ono pamene panali pabwinobwino, kuti pafanane. Ndinathira sipiliti. Kanyamako kanauma gwa, kenako kanayamba kunjenjemera thupi lonse, kamtima kakugunda moti ndinkakaona pakhungu. Pomaliza ndinapaka jivi, wambiri, mpaka theka la mutu linasanduka pepo.

Nthawi yonseyi abambo ankalira, malovu ndi misozi zikusakanikirana pa chibwano, ndipo ankayankhula ndi gologolo. "Pepa. Pepa. Pepa, mnzanga. Pepa." Mawu amene ndinawadikira moyo wanga wonse anatuluka kasanu, kakhumi, osavuta n'komwe, osapotoka ngakhale pang'ono. Ndinaima ndi botolo la jivi m'manja ndikumvetsera. Chifundo chochepa chimene chikanatha kundibwerera chinathera pamenepo.

Ndinachotsa neti, ndinati, "Mutayeni tsopano." Anatambasula zala. Gologolo anagona pamwendo pawo kanthawi, akupuma mofulumira, maso ali tong'o. Ndinaganiza kuti wafa monga ananenera alangizi. Kenako anadzambatuka. Sanakwere mu bwemba. Anadutsa pabwalo ngati mwala wa legeni, anapyola mpanda, n'kulowa m'mapesi cha kunjanji.

Bala la abambo ndinalitsuka bwino kwambiri, ndinalimanga ndi bandeji yoyera, ndipo masana ndinawatengera pa kabaza kuchipatala kuti akabayidwe jakisoni. Pa zimenezo sindinalakwitse kanthu.

Lachitatu amayi a mphakati wathu anabwera kudzapemphera ndi odwala. Ataona bandeji anafunsa, ine ndinafotokoza. Anaombera m'manja. Mmodzi anati, "Taonani mwana uyu, mpaka gologolo kumuthira jivi chifukwa cha bambo ake! Ife ana athu angatichitire zimenezi?" Wina anati abambo ali ndi mwayi, ana aakazi ndiwo amasunga makolo. Achimwene a ku Lilongwe nditawauza pafoni anaseka mpaka kutsokomola, nati ndine namwino weniweni. Ndinalandira zonsezo, ndinawapatsa amayi aja thobwa.

M'mawa mwake abambo anakhala ndi mtedza m'dzanja la bandeji, akuliza lilime. Palibe chinatsika. Anati, "Neti." Ndinaichotsa pa nthambi pamene ndinaiyanika n'kuiponya kuseri kwa bafa. Analizanso lilime mpaka linauma, ndinawamwetsa madzi, anapitiriza. Agologolo ena a mu bwemba, amene kale ankatsika kudzatola zotsala, nawonso ankangodutsa m'nthambi zam'mwamba. Nkhuku ndizo zinkazungulira mpando. Dzuwa litapendeka anati, "Mawa."

"Mwina," ndinatero.

Tsiku limenelo anadya masupuni atatu. Lotsatira awiri. Kenako anayambanso kuluma mano. Thupi limene linabwera mwezi wathunthu linachoka m'masabata awiri, malaya anayamba kulendewera m'mapewa, ndipo powanyamula m'khwapa ndinkamva nthiti. Ndinkaganiza kuti ndikhuta nako kubwezera kwangaku nthawi yaitali. Ndinakhuta masiku awiri okha. Kenako inangokhala ntchito ngati kale, phala lozizira, kukalipa, kupukuta zolavula. Tsiku lina ndinafika poika mtedza pamwamba pa mpanda ndi madzi m'chigoba, osati chifukwa cha chisoni koma chifukwa ndinatopa. Mtedzawo anadya makhwangwala.

Gologolo uja ndinamuona tsiku lina ndikuchokera kumjigo. Kutsidya kwa njanji kuli mlambe waukulu wa mphako zambiri, ndipo pa nthambi yake yakumunsi panali gologolo wa mutu wa pepo akuthamangitsa mnzake. Ndinatula ndowa n'kumuyang'anitsitsa. Khutu linali lalifupi koma louma bwino, ubweya ukumera m'mphepete. Anali atanenepa. Ndikanatha kukhala chete. Ndikanathanso kuwauza abambo kuti anafa, alire tsiku limodzi zithe. Ndinafika kunyumba, ndinatula madzi, ndinati, "Ndamuona mnzanu uja. Ali ku mlambe wa kunjanji. Wapola, wanenepa, akusewera ndi anzake."

Anatembenuza mutu kuyang'ana kunjanji. Kenako anati, "Nditengere."

"Kutali, abambo."

"Nditengere."

Anabwereza mawu amenewo masiku atatu, m'mawa posamba, masana, ngakhale ndikuwatembenuza pamphasa. Tsiku lachinayi ndinati, "Mukadya ndikutengani." Anatsegula pakamwa okha. Anameza masupuni anayi, lililonse ngati mwala, n'kundiyang'ana kuti ndione kuti akwaniritsa mbali yawo. Ndinapita kwa aneba kukabwereka wilibala.

Ndinayala bulangete, ndinawakhazikamo, mwendo wakufa uja ndinaumangirira ndi chitenje kuti usakwakwaze pansi. Unali mwezi wa Novembala, kukutentha moti mchenga unkawotcha kudzera m'masilipasi, mitambo itaunjikana kumapiri koma osagwetsa kanthu. Anthu m'njira ankapereka moni n'kumafunsa ngati tikupita kuchipatala. Ine ndinkati tikungowongola miyendo. Abambo sankayankha aliyense, dzanja lili chifumbatire mtedza, maso ali kutsogolo. Pa njanji ndinachita kukweza tayala ndi mphamvu zanga zonse, iwo anagwedezeka n'kubuula, koma mtedza sanataye.

Ndinaimika wilibala pansi pa mlambe, pamthunzi. Anandikankha ndi chigongono kuti ndichoke, akuganiza kuti gologolo akuopa ine. Ndinapita kukakhala kuseri kwa chulu, patali ndithu, pamene ndinkawaona koma mumtengo sangandione.

Analiza lilime. Nco, nco, nco. Anadikira, analizanso. Panapita nthawi yoti munthu akanaphika ndiwo zamasamba n'kupsa. Kenako pa mphako ina panatuluka mutu, pepo uja atayamba kusuluka. Gologolo anayenda pa nthambi mpaka pamwamba pawo, anaima, anawayang'ana. Abambo anakweza dzanja m'mwamba mmene akanathera, anatambasula zala kuti mtedza uoneke.

Gologolo anaimika mchira n'kuyamba kuugwedeza mwamphamvu. Ndiye analira, kulira kouma kodukaduka, kobwerezabwereza, thupi lonse likudumpha ndi liwu lililonse. Wina anayankha m'nthambi zam'mwamba, winanso kuseri, mpaka mlambe wonse unasokosera. Kenako onse analowa m'mphako, kunangoti zii.

Abambo anatsitsa dzanja. Ndinawaona akuyang'ana pansi, kumanja, pansi pa wilibala, m'mizu ya mlambe, akufunafuna njoka. Anapotoza khosi movutikira kuyang'ana mbali yakufa ija. Anayang'ananso kumwamba ngati kuli kabawi. Kunalibe njoka, kunalibe kabawi, kunalibe mphaka. Pansi pa mtengo ponsepo panali iwo okha.

Nditafika pafupi anati, osandiyang'ana, "Akunena ine."

Anapendeketsa dzanja, mtedza unagwera mumchenga. Ndinagwira wilibala n'kuitembenuza.

Pobwerera ndinakankha wilibala mpaka pa njanji. Ndinaima kuti ndipume ndisanakweze tayala, thukuta likulowa m'maso. Iwo anali atandifulatira, ndinkangoona nkhongo yawo ndi imvi zimene ndinameta ndekha. Anayankhula momveka bwino, kuposa tsiku lina lililonse chidwalire.

"Unkadziwa."

Ndikanatha kukana. Panalibe mboni, alangizi aja anali atasiya kufika kwathu. Ndinati, "Eya, abambo. Ndinkadziwa."

Ndinadikira kuti anditukwane, kapena ayese kutembenuka n'kukweza dzanja. Ndinali wokonzeka, mayankho ndinali nawo ambiri, ena ndinawakonza ndili mtsikana. Iwo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, kawiri, katatu, monga munthu amene wamva nkhani imene ankaiyembekezera. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa mbali imodzi ya pakamwa.

"Pa ana onse," anatero, n'kupuma kuti ameze malovu, "wanga weniweni ndiwe."

Ndikanakonda akananditukwana. Ndinaima pa njanjipo manja ali pa wilibala, ndikufuna kuwauza kuti akunama, kuti ine ndinatengera amayi. Mayi wina wosenza nkhuni anadutsa n'kutipatsa moni, ndinayankha. Ndinakweza tayala, tinawoloka.

Nditawafikitsa kunyumba ndinawamasula mwendo, ndinawasambitsa fumbi, ndinabweza wilibala kwa eni ake. Ndinaphika phala la mpunga, ndinathira shuga ndi mkaka pang'ono, ndinakhala pambali pawo ndi supuni. Sanatsegule pakamwa tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo ine sindinawakakamizenso.